Kaunda kwa Telala, Kellogg pa Kadzutsa

Mwezi wa Okutobala ukafika kuno ku Mangochi, palibe amene amafunsa mnzake ngati lero kutenthe. Dzuwa limayamba kuswa mtengo nthawi isanakwane n'komwe 9 koloko, ndipo pofika masana ngakhale mbuzi zimakanirira pamthunzi wa mango. M'nyengo yotereyi ndi mmene tinaperekeza malume athu kwa telala wina amene amasokera pakhonde la sitolo kufupi ndi msika wa paboma. Malumewo anali atangosankhidwa kukhala mkulu wa mpingo, ndiye ankafuna chovala choti aziima nacho kutsogolo tsiku la Sabata.

Telala uja anayang'ana nsalu, n'kuyang'ana malume, kenako n'kupukusa mutu.

"Bambo, kutentha konseku mukufuna jekete ndi tayi? Bwanji ndikusokereni Kaunda?"

"Kaunda? Anthu sadzati ndikupita ku msonkhano wa ndale?"

"Ayi bambo, Kaunda ndi chovala cha ulemu. Tangokhalani pabenchipo ndimalize yunifolomu ya mwanayi. Singer wangayu lero akuvuta lamba."

Tinasuzumira pamakinapo. Panalembedwa dzina lina, la makina a ku China, koma kwa mwini wake anali Singer basi. Tili pabenchi paja tinazindikira kuti m'kamphindi kochepa telalayu watchula anthu awiri omwe anamwalira, wina wa ku Zambia wina wa ku America, iye osaganizako n'komwe kuti akutchula anthu. Titabwerera kunyumba tinayamba kusuzumira m'kabati, kuchipinda ndi kukhitchini, ndipo tinapeza kuti alendo oterewa tikukhala nawo ambiri. Chimene tinaona n'chakuti dzina la munthu likasanduka dzina la chinthu, dzinalo limakhalitsa koma chimene mwini wake ankafuna chimaiwalika. Pena kuiwalako kulibe kanthu. Koma pena kumatidyera ndalama, ndipo pena kumatidwalitsa.

Tiyambe ndi makina aja. Isaac Singer analandira chiphaso cha boma la America chotetezera makina ake osokera mu 1851, koma sanali woyamba. Elias Howe anali atalandira kale chake mu 1846, ndipo atatengerana kukhoti, Singer ndi amene anagonja n'kuyamba kulipira mnzakeyo. Chimene kampani ya Singer inaposera ena n'kugulitsa. Inalola anthu kutenga makina n'kumalipira pang'onopang'ono, motero makinawo analowa m'nyumba za anthu wamba mpaka kufika m'makonde a kuno kwathu. Dzina limene lili pakamwa pathu ndi la amene anadziwa malonda. Howe palibe telala amene amamutchula.

Za Kaunda n'zapafupi. Kenneth Kaunda analamulira Zambia kuyambira 1964 mpaka 1991, ndipo anamwalira mu 2021. Bambo ake, David Kaunda, anachokera kuno ku Malawi, munthu wa mishoni ya Livingstonia amene anapita kukaphunzitsa ndi kulalikira ku Chinsali. Sikuti Kaunda ndiye anatulukira suti ya manja aafupi, ya matumba kutsogolo, yosafuna tayi. Iye anangoikonda, n'kumaivala ngakhale pokumana ndi atsogoleri a mayiko akuluakulu, mpaka dzina lake linakakamira pa chovalacho. Mu Novembala 2023 sipikala wa Nyumba ya Malamulo ya ku Kenya analetsa aphungu kulowa m'nyumbayo atavala Kaunda, ati si chovala choyenera malowo, pamene pulezidenti wa dzikolo amachivala kawirikawiri. Choncho mkangano wa malume ndi telala si wa pakhonde pokha.

Ife pamkanganowu tili mbali ya telala. Majekete ambiri amene timagula pakaunjika anasokedwera anthu a kumayiko ozizira, ndipo mkati mwake muli nsalu yoterera imene silola mphepo kudutsa. Munthu kukhala m'chovala chotere kuyambira Sukulu ya Sabata mpaka ulaliki kutha, m'tchalitchi cha malata cha ku Monkey Bay kapena ku Malindi, thukuta limachita kuyenderera kumsana, mutu n'kumawawa, tulo n'kumabwera. Ulemu ndi wofunika pamaso pa Mulungu, sitikukana. Koma suti ya nsalu ya thonje, yochapa bwino ndi kusita, siichotsera munthu ulemu.

Ena mwa mayinawa tingowadutsa. Nsapato za Bata zimene ambirife tinapitira kusukulu zili ndi dzina la Tomáš Baťa, amene anayamba ntchitoyi ndi abale ake mu 1894 m'tauni ya Zlín, m'dziko limene lero ndi Czech Republic. Amayi athu akati chitenje ichi ndi cha Whitehead ankanena fakitale ya David Whitehead and Sons ya ku Blantyre, imene inatenga dzina ku banja la opanga nsalu la ku Lancashire, ndipo inagulitsidwa kwa a Mapeto mu 2003. Achikulire sanaiwale chipewa cha Wilson chimene Kamuzu sankachisiya. Ngakhale boma lathu lino kale linkatchedwa Fort Johnston, potengera Harry Johnston, mpaka dzinalo linachotsedwa titalandira ufulu. Dzina la tauni boma likhoza kulisintha ndi cholembera, koma la chinthu cha m'nyumba silichoka wamba.

Pali dzina lina limene mayi aliyense amene anachirapo kuchipatala, kapena amene anadwazikapo matenda aakulu, analimva kwa anamwino: makintoshi. Lero mawuwa amatanthauza chipepala cha labala kapena cha pulasitiki choyala pabedi kuti matiresi asanyowe. Mwini dzinali ndi Charles Macintosh, katswiri wa zosakaniza mankhwala wa ku Glasgow, mzinda wa mvula yosatha. Mu 1823 iye anapeza njira yosungunulira labala ndi mafuta ena ochokera ku malasha, n'kumupaka pakati pa nsalu ziwiri. Taonani bwino pamenepa: labala anali pakati, nsalu kunja, nsalu mkati. Madzi sankadutsa, komanso labala sankakhudza khungu la wovala.

Mfundo ya nsalu ija ndi imene inatayika m'njira. Timaona m'makomo khanda litagonekedwa papulasitiki penipeni, kapena gogo wodwala sitiroko ali pachipepala chakuda popanda choyala pamwamba, poti osamalira atopa n'kuchapa. Kutopako tikukumvetsa, makamaka kumene madzi ndi otunga kutali. Koma khungu likakhala pa pulasitiki m'kutentha kwa kunyanja kuno, thukuta ndi mkodzo zilibe kolowera. Khungu limafewa, limatuluka nsungu, kenako limanyuka, ndipo kwa munthu wosatha kudzitembenuza yekha zilonda za pamsana ndi m'chiuno zimayambira pomwepo. Zilonda zimenezi kupola kwake n'kovuta kuposa kuchapa zitenje khumi. Yalani chitenje chakale cha thonje pamwamba pa makintoshi, chikanyowa musinthe, ndipo wodwalayo muzimutembenuza pakatha maola awiri alionse. Makintoshiyo muziitsuka ndi sopo n'kuiyanika. Kwa khanda, onetsetsani kuti pulasitiki yopyapyala isafike kumaso, chifukwa imamata pamphuno mwana n'kubanika.

Tikachoka kuchipinda kulowa pabalaza, timapeza tinsalu toluka tija amayi amayala patebulo, pamwamba pa wailesi ndi pamitu ya mipando. Angerezi amati doily, ndipo abale athu amene anakulira ku Zimbabwe amati madhoiri. Nalonso ndi dzina la munthu, wogulitsa nsalu wa ku London wa m'zaka za m'ma 1600, amene anatchuka ndi nsalu yopepuka yotsika mtengo. Dzinalo linachoka pa nsalu yovala n'kupita pa tinsalu topukutira patebulo, kenako n'kufika pa zoluka zokongoletsera. Amayi ambiri a ku Zimbabwe anaphunzitsa ana kusukulu ndi ndalama za zolukazi, akumakwera nazo basi kukagulitsa khomo ndi khomo ku South Africa. Mwini dzina sanagwirepo koloshi, koma ndiye amene akutchulidwa.

Zimenezi zimatikhudza tikamayenda mumsewu wochoka paboma kupita ku Monkey Bay. M'mphepete mwa msewu muli mikeka, madengu, zipewa ndi timagalimoto toluka ndi mlaza, zina zokongola moti alendo amaimitsa galimoto. Mlendo akafika nazo kwawo amangoti ndinagula ku Malawi. Woluka, amene anathera masiku akung'amba mlaza ndi kuunyika mu utoto, dzina lake limatsala pamsewu pomwepo. N'chimodzimodzi zoluka za Amayi a Dorika. Gulu limeneli, limene linayambira ku Battle Creek ku America mu 1874, nalonso limayendera dzina la munthu, ngakhale kuti ili si la bambo: ndi la mayi uja wa ku Yopa wa pa Machitidwe 9, amene atamwalira akazi amasiye ankaonetsa zovala zimene anawasokera. Mwa mayina onse amene tatchula, ili lokha ndi limene linakhala pa ntchito chifukwa cha manja a mwini wake ndi mtima wake, popanda kugulitsa kanthu. Tikanakonda magulu athu oluka ndi osoka akanayamba kusokerera kansalu ka dzina la wopanga ndi mudzi wake pa katundu wawo. Wogula akakhutira, adziwe woti amufunefune.

Tsopano tilowe kukhitchini, kumene kuli nkhani imene yatichititsa kulemba zonsezi.

Mayina ena kumeneku ndi ongosangalatsa kuwadziwa. Mango okwatitsa amene alangizi amatilimbikitsa kubzala pambali pa maboloma athu, monga Kent, Keitt ndi Tommy Atkins, ali ndi mayina a anthu a ku Florida amene mitengo yoyamba inamera m'minda yawo kapena amene anaifalitsa. Peyala ya Hass ndi ya Rudolph Hass, wonyamula makalata wa ku California, amene analembetsa mtengo wake ku boma mu 1935. Mtedza wa makadamiya wa ku Thyolo unatchedwa potengera John Macadam wa ku Australia. Awa kuwaiwala kapena kuwakumbukira, chipatso chikoma chimodzimodzi.

Louis Pasteur yekha ndiye tisamuiwale. Mawu akuti pasteurised amene amalembedwa papaketi ya mkaka ndi dzina la Mfalansa ameneyu, amene m'zaka za m'ma 1860 anaonetsa kuti kutenthetsa chakumwa kumapha tizilombo tosaoneka ndi maso. Kufakitale mkaka amautenthetsa kufika madigiri 72 kwa masekondi 15. Mkaka wogula kwa woweta ng'ombe wa m'mudzi sunadutse mmenemo, ndipo ukhoza kukhala ndi TB ya ng'ombe kapena matenda aja amachititsa ng'ombe kutaya bere, amene mwa munthu amabweretsa kutentha thupi kobwerezabwereza. Uwiritseni kaye, ngakhale ng'ombeyo ikhale ya achimwene anu.

Koma mayina awiri amene akutikhudza kwambiri ife a m'banja la Adventist ndi Graham ndi Kellogg.

Sylvester Graham anabadwa mu 1794 n'kumwalira mu 1851, mpingo wathu usanakhazikitsidwe. Anali m'busa wa Presbyterian ku America, ndipo chimene chinkamuwawa ndi buledi woyera. Ankati ogaya tirigu akuchotsa gaga ndi kamtima ka njere, kumene kuli chakudya chenicheni, ndipo ophika buledi akuthiramo mankhwala oyeretsera kuti aoneke wapamwamba. Mu 1837 anatulutsa kabuku ka kaphikidwe ka buledi, ndipo chaka chomwecho ophika buledi ndi ogulitsa nyama a mumzinda wa Boston anamuukira pofuna kusokoneza msonkhano wake, poona kuti akuwaphera malonda. Ufa wa tirigu wogaya wathunthu, wosasefa, unayamba kutchedwa ufa wa graham, ndipo m'mabuku akale ophikira a Adventist ku America dzinali limapezeka kawirikawiri. Lero ku America dzina la Graham limadziwika ndi mabisiketi otsekemera, a shuga ndi uchi, amene ana amadyera limodzi ndi chokoleti. Mwini dzina akanawaona akanagwira pakamwa.

John Harvey Kellogg anali dokotala wa Chiadventist amene anayamba kuyang'anira chipatala cha Battle Creek mu 1876. Pofuna chakudya cha m'mawa chosavuta kugaya m'mimba, choti odwala ake asiye kufisula nyama yokazinga, iye ndi mng'ono wake Will Keith Kellogg anapeza njira yophwatalitsa njere zophika n'kuziumitsa. Anayamba ndi tirigu mu 1894, chimanga chinabwera pambuyo. Will anaona kuti pali malonda, ndipo anafuna kuthiramo shuga kuti anthu ambiri azikonda. Mkulu wake anakana. Mu 1906 Will anatsegula kampani yakeyake, ndipo abale awiriwa anakokerana kukhoti zaka zambiri kulimbirana dzina la bambo awo lomwe, mpaka mu 1920 khoti lalikulu la ku Michigan linagamula mokomera Will. Kuchokera apo ubale wawo sunabwererenso mwakale. Dokotalayo naye anali atachotsedwa kale mumpingo mu 1907 atasemphana ndi atsogoleri pa za chiphunzitso ndi kayendetsedwe ka chipatala.

Tafotokoza mbiriyi chifukwa timamva ena mwa ife akunena monyadira kuti makonifuleki ndi chakudya chathu, anayambitsa ndi wa mpingo wathu. N'zoona ndithu. Koma Kellogg amene ali pabokosi ndi Will wamalonda uja, osati dokotala. Ndipo makonifuleki ambiri amapangidwa ndi chimanga chochotsa gaga ndi kamtima, n'kuthiramo shuga, mchere ndi mavitamini obwezeretsa ena mwa amene anatayika. Si poizoni ayi, ndipo wofuna kudya adye. Koma kholo limene likudzimana kuti ligule bokosi la dzina lotchuka, poganiza kuti likugulira ana thanzi limene kulibe m'nkhokwe, likhale pansi liwerengere. Bokosi limodzi ana anayi amalimaliza m'masiku owerengeka, pafunikanso mkaka, ndipo pofika 10 koloko mwana ali m'kalasi njala yamubwerera. Ndalama yomweyo mukaipititsa pamsika kukagula soya ndi mtedza, muona nokha kutalika kwa masiku amene ingakufikitseni.

Chimene Graham ankalalikira mpaka kufuna kumenyedwa, ife tili nacho kale ndipo dzina lake ndi mgaiwa. Kungoti tinaupatsa mbiri yoipa. Timati ndi ufa wa chaka cha njala, wa kundende, wa kusukulu yogonera komweko, ndipo mlendo akabwera timachita manyazi kumuphikira. Ufa woyera ndiye wa ulemu. Koma taganizirani ulendo umene chimanga chimayenda kuti chiyere. Timachikonola, gaga ndi kamtima n'kuchoka. Mphale timaiviika m'madzi masiku angapo, n'kutaya madziwo pamodzi ndi mavitamini amene asungunukiramo. Chotsala ndi sitalichi, chokhutitsa ndi chopatsa mphamvu, koma chochepa zomanga ndi zoteteza thupi. Madeya aja, mmene muli mafuta achilengedwe, mavitamini a gulu la B, ayironi ndi zothandiza kuti m'mimba muziyenda bwino, timapatsa nkhuku kapena kuthira m'damu la nsomba. Nkhuku zathu zikudya bwino kuposa eni ake. N'chifukwa chake munthu akapezeka ndi matenda a shuga, achipatala amamuuza kuti abwerere ku mgaiwa, ngakhale kuti nawonso sufuna kuunjika mitanda m'mbale.

Tisabise, mgaiwa uli ndi zovuta zake, makamaka kuno kotentha. Chifukwa cha mafuta a m'kamtima aja, suchedwa kuwawa ndi kufumbwa, choncho ndi bwino kugayitsa wochepa, wa masabata awiri kapena atatu, kusiyana n'kugayitsa thumba lonse. Chachiwiri ndi chuku. Poizoni wa chuku amakhala kwambiri kukhungu la njere, ndiye amene akudya chimanga chosakonola ayenera kusamala kuposa anzake. Sankhani chimangacho musanapite nacho kuchigayo, tayani njere zowola, zobiriwira ndi zofumbwa, ndipo chikhale chouma gwa. Chimanga chokayikitsa musachigayitse mgaiwa, ndipo musaphikire ana phala.

Kunyumba kwathu kadzutsa timakonza motere. Timatenga makapu 4 a chimanga chosankha bwino ndi kapu imodzi ya soya. Soyayo timayamba tamukazinga mpaka fungo lauwisi litatha, chifukwa soya wosapsa amavuta kugaya m'mimba. Tikasakaniza timakagayitsa pamodzi. Ndi maganizo omwe aja a Likuni Phala, limene linatenga dzina la malo osati la munthu. Pophika timathira nsinjiro ndi kamchere pang'ono, ndipo nyengo ya mango ino timadulira bango lakupsa pamwamba m'malo mwa shuga. Amene amadya nsomba akhoza kusinja usipa wouma n'kuthira supuni imodzi m'phala la mwana. Masiku oyamba ana anadandaula kuti phala lake ndi lakuda. Sabata yachiwiri anayamba kupempha lowonjezera.

Nsima ya mgaiwa ndiyo inativuta kuzolowera, tisaname. Tinayamba n'kusakaniza theka mgaiwa theka woyera, ndipo mpaka lero alipo m'banjamo amene amati ya mgaiwa wokhawokha imakoma ndi therere basi.

Malume aja anagonja, telala anawasokera Kaunda wa nsalu yotuwira. Tsiku lokatenga tinatembenuza kolala kuti tione ngati pali dzina la wosoka, koma panalibe kanthu. Titamufunsa chifukwa chake, anaseka uku akupalasa makina ake.

"Timapepala ta dzinato n'todula, achimwene. Wofuna ine amadziwa khonde lino."